Kusaka gwero la cheza cha gamma ndi kamera yonyamula m'manja

Mu Januwale 2023 kachitsulo kokhala ndi caesium-137, chinthu chotulutsa cheza choopsa, kanagwa m'galimoto yonyamula katundu ku Western Australia. Kanali kotalika mamilimita 8, m'mimba mwake mamilimita 6, pomwe msewu umene galimotoyo inadutsa unali wa makilomita pafupifupi 1,400. Pa 1 Febuluwale kanapezeka kum'mwera kwa tauni ya Newman, mamita awiri kuchokera pamsewu. Sikuti wina anakaona ndi maso ayi. Makina a ANSTO, bungwe la boma la Australia loona za sayansi ya nyukiliya, amene anali m'galimoto yoyenda pa liwiro la makilomita 70 pa ola, ndiwo anamva cheza chake. Umu ndi mmene zinthu zotere zimapezekera: zilibe fungo, sizimveka, ndipo zambiri zimangooneka ngati kachidutswa ka chitsulo wamba. Zimadziulula ndi cheza cha gamma chokha, cheza chosaoneka ndi maso chimene chimaboola zinthu.

Mita yoyezera cheza ya m'manja imakuuzani kuti pamene mwaima pali cheza chochuluka bwanji, koma siikuuzani kumene chikuchokera. Kuti mupeze gwero ndi mita yokha, mumayenda chotsatira kukwera kwa manambala, ndiye kuti thupi lanu likuyandikira chinthu chomwecho chimene mukuyenera kutalikirana nacho. Kamera ya gamma imathetsa vuto limeneli. Imajambula malo ngati kamera wamba, kenako pamwamba pa chithunzicho n'kuika banga la mitundu losonyeza mbali imene cheza chikuchokera. Phindu lake lonse lagona pa kukulolani kuima patali. Koma banga limenelo si chithunzi chenicheni cha gwero. Ndi yankho la masamu, ndipo masamuwo amatha kusokera.

Malangizo awa ndi a anthu ophunzitsidwa ntchito yoteteza ku cheza. Ngati inu simuli m'gulu limenelo ndipo mwapeza chinthu chokhala ndi chizindikiro cha masamba atatu chochenjeza za cheza, musachigwire, musachitsekule. Chokanipo, letsani ena kuyandikira, ndipo dziwitsani apolisi kapena bungwe la boma loyang'anira za cheza m'dziko lanu.

Choyamba, dziwani mtundu wa kamera imene muli nayo

Cheza cha gamma sichipindika ndi galasi ngati kuwala. Chimangodutsa. Choncho opanga makamera anapeza njira zina zodziwira kumene chachokera, ndipo zodziwika bwino ndi zitatu.

Yakale kwambiri ndi ya kabowo kamodzi. Cheza chonse chimalowera pa kabowo kakang'ono koboola pa chitsulo cholemera monga mtovu kapena tungsten, ndipo mbali zina zonse zimakhala zotchingidwa. Chithunzi chake n'chosavuta kumva, koma kabowo kamodzi kamalowetsa cheza chochepa, ndipo chitsulo chotchingacho chimalemera kwambiri moti munthu mmodzi sachedwa kutopa nacho.

Yachiwiri ndi ya chophimba cha mabowo ambiri, imene amisiri amaitcha coded aperture. Kutsogolo kwa kamera kumakhala kachitsulo ka tungsten koboola mabowo motsatira ndondomeko yapadera. Cheza chikadutsa, chimasiya mthunzi wa mabowowo pa chomvera cha mkati, ndipo kompyuta imawerenga mmene mthunziwo wasunthira n'kudziwa mbali ya gwero. Njirayi inachokera kwa akatswiri a zakuthambo: Robert Dicke anailemba mu 1968, ndipo Fenimore ndi Cannon a ku Los Alamos anaikonza bwino mu 1978. Imaloza molunjika, kusiyana kwake kumakhala madigiri ochepa chabe, ndipo imachita bwino pa cheza cha mphamvu yochepa monga cha americium-241. Vuto lake ndi loti imaona kutsogolo kokha, ndipo cheza cha mphamvu yaikulu monga cha cobalt-60 chimaboola chophimbacho n'kuchititsa mthunzi kukhala wosaoneka bwino.

Yachitatu ndi ya Compton, yotchedwa dzina la Arthur Compton amene mu 1923 anafotokoza mmene fotoni, kagawo kamodzi ka cheza, imakhotera ikagunda elekitironi. Fotoni ikalowa mu kristalo ya kamera, imagunda pamalo oyamba n'kutaya mphamvu ina, kenako imakathera pamalo achiwiri. Kamera ikadziwa malo awiriwo ndi mphamvu yotayika pa malo aliwonse, imawerengera ngodya imene fotoniyo yakhota. Izi siziloza malo amodzi. Zimangonena kuti gwero lili penapake pa mzere wozungulira ngati mphete. Fotoni ina imajambula mphete ina, inanso ina, ndipo pamene mphete zambiri zadutsana ndi pamene pali gwero. Ubwino wake ndi woti makamera ambiri a mtundu uwu amaona mbali zonse nthawi imodzi, kumbuyo komwe, ndipo safuna chitsulo cholemera. Koma banga lake limakhala lalikulu, ndipo pansi pa 250 keV (keV ndi muyeso wa mphamvu ya fotoni) kapena chapamenepo njirayi imafooka. Pambuyo pa ngozi ya ku Fukushima mu 2011 makamera a mtundu uwu anafufuzidwa ndi kupangidwa kwambiri, ndipo ena a masiku ano amaphatikiza Compton ndi chophimba cha mabowo m'bokosi limodzi.

Tsegulani buku la kamera yanu mupeze zinthu zinayi: imaona madigiri angati, imasiyanitsa magwero awiri otalikirana madigiri angati, imagwira bwino pa mphamvu ziti, ndipo imasokonezeka cheza chikafika pati. Zilembeni pa kapepala mumate pa bokosi.

Musanachoke

Funsani zonse zimene zingadziwike za chinthu chotayikacho: dzina la isotopu (mtundu wa chinthu chotulutsa chezacho, monga caesium-137), mphamvu yake mu becquerel (muyeso wa mphamvu ya gwero) ndi tsiku limene mphamvuyo inayezedwa, ndiponso ngati chikadali m'chotchinga chake. Tsikulo ndi lofunika. Iridium-192, imene amajambulira zowotcherera za mapaipi, imatsika ndi theka pa masiku 74 aliwonse. Cobalt-60 imatenga zaka 5.3, caesium-137 zaka pafupifupi 30, americium-241 zaka 432.

Aliyense avale dosimeter yake, kachipangizo kowerenga cheza chimene thupi lalandira, makamaka yamagetsi yolira ikafika pa mlingo woikidwa. Gwirizanani muli kuno kuti mita ikafika pa nambala yakuti mubwerera, ndiponso kuti munthu mmodzi asapose mlingo wakuti pa ntchito yonseyo. Malire ovomerezeka padziko lonse kwa ogwira ntchito ndi mamilisiveti 20 (milisiveti ndi muyeso wa cheza cholandiridwa ndi thupi) pa chaka potengera avereji ya zaka zisanu, ndipo kwa anthu wamba ndi milisiveti imodzi. Manambala amenewa ndi denga, si gawo loti mulimalize.

Tengani mita ya m'manja, choimikira kamera cha miyendo itatu, choyezera mtunda cha laser kapena tepi, mabatire apadera, choko kapena utoto, ndi thumba la pulasitiki lokutira kamera kuti fumbi loipitsidwa lisaimatirire. Ngati kamera yanu ili ndi kristalo ya germanium, iyatseni msanga chifukwa kristalo yake imafunika maola angapo kuti izizire mokwanira. Za kristalo ya mtundu wina wotchedwa CZT zimagwira ntchito popanda kuziziritsa chotero, ndipo zimakhala zokonzeka m'mphindi zochepa.

Kenako yesani kamera ndi kagwero kakang'ono koyesera. Ikani ka caesium-137 patsogolo pake, muone ngati pa spectrum, chithunzi chosonyeza kuchuluka kwa mafotoni pa mphamvu iliyonse, nsonga ikutuluka pa 662 keV ndiponso ngati banga likugwera pomwe pali kagwerocho. Pomaliza yezani cheza chachilengedwe pamalo oyera pafupi ndi kumene mukupita. Nthaka, miyala ndi konkire zimatulutsa cheza chake, kawirikawiri chapafupi ndi maikirosiveti 0.1 pa ola (maikirosiveti 1,000 ndi milisiveti imodzi), ndipo mu spectrum mudzaona potassium-40 pa 1461 keV. Wosadziwa nkhope ya malo oyera sangazindikire malo odwala.

Mita patsogolo, kamera pambuyo

Yatsani mita muli kutali, musanalowe pamalo okayikitsa. Chifukwa chake n'choopsa: mamita ena oyezera cheza a mtundu wa Geiger akalowa mwadzidzidzi m'cheza chochuluka kwambiri amalephera kuwerenga, ndipo akale ena amagwera pa ziro. Mukayamba kutali mumaona manambala akukwera pang'onopang'ono ndipo simungapusitsidwe.

Malangizo a IAEA, bungwe la padziko lonse loona za mphamvu ya nyukiliya, kwa ofika koyamba amati gwero loopsa losatchingidwa kapena lowonongeka likhale ndi mpanda wa mamita osachepera 30 mbali zonse, ndipo mpandawo ukulitsidwe kufikira kulikonse kumene mita ikuwerenga maikirosiveti 100 pa ola. Mangani chingwe, ikani munthu wolondera.

Tsopano sankhani poimika kamera. Apa lamulo la mtunda ndi bwenzi lanu: mtunda ukawirikiza kawiri, cheza chimatsika kanayi. Gwero lopereka maikirosiveti 1,600 pa ola pa mita imodzi limapereka 400 pa mamita awiri, 16 pa mamita 10, ndi 4 pa mamita 20. Lamulo lomwelo limakhudzanso kamera. Mukaiika patali mopitirira imalandira mafotoni ochepa ndipo mudikira nthawi yaitali. Mukaiika pafupi mopitirira mafotoni amaunjikana, spectrum imaonongeka. Poyambira pabwino ndi pamene mita ikuonetsa cheza choposa chachilengedwe mosakayikitsa koma inu mukhoza kuimapo mphindi zingapo popanda dosimeter kukwera kwambiri. Ikani kamera pa miyendo yake, yezani kutalika kwake kuchoka pansi, lembani chizindikiro pansipo, ndipo inu bwererani kumbuyo ndi tabuleti yoonerapo zithunzi za kamerayo. Kamera ndi imene iyenera kudya cheza, osati inu.

Mita ingakupatseninso mtunda. Ngati mwayenda mamita 5 molunjika ku gwero ndipo nambala yakwera kanayi, ndiye kuti kwatsala mamita enanso 5. Izi zimagwira pa gwero laling'ono lopanda chotchinga pakati.

Werengani spectrum musanayang'ane banga

Maso amathamangira ku mtundu wofiira. Agwireni kaye. Tsegulani spectrum, chithunzi chosonyeza kuchuluka kwa mafotoni pa mphamvu iliyonse, chifukwa isotopu iliyonse ili ndi nsonga zake. Caesium-137 ili pa 662 keV. Cobalt-60 ili ndi ziwiri, 1173 ndi 1332. Americium-241 ili pansi, pa 60. Iridium-192 ili ndi zingapo, zazikulu pafupi ndi 317 ndi 468. Za m'chipatala nazo zimapezeka: technetium-99m pa 140, iodine-131 pa 364.

Pulogalamu ya kamera idzakupatsani dzina yokha, koma dziwonereni nsongazo ndi maso. Mukatsimikiza, uzani kamera kuti ijambule ndi mafotoni a pa nsonga yokhayo. Sitepe iyi ndiyo imasiyanitsa chithunzi chothandiza ndi chosokeretsa. Mafotoni a pa nsonga ndi amene abwera molunjika kuchokera ku gwero. Amene ayamba agunda khoma, pansi kapena denga amafika atataya mphamvu, ndipo mukawalola kulowa m'chithunzi adzakulozerani khomalo. Ngati pali maisotopu awiri, jambulani iliyonse payokha.

Spectrum imanenanso za chotchinga. Nsonga ikakhala yaing'ono pomwe kumunsi kwake kwadzaza mafotoni ofooka, gwero liyenera kuti lakwiririka kapena lili kuseri kwa chinthu chokhuthala. Mtovu wa mamilimita 6 kapena 7 umadula cheza cha caesium-137 ndi theka. Cha cobalt-60 chimafuna pafupifupi mamilimita 12.

Dikirani

Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'masekondi oyamba banga limalumphalumpha, choyamba kumanzere, kenako kumanja, chifukwa mafotoni akadali ochepa ndipo kompyuta ikungolota. Gwero lamphamvu lapafupi limakhazikika m'masekondi. Lofooka kapena lakutali lingafune mphindi makumi angapo, nthawi zina maola. Masamu ake ndi ouma mtima: kuti phokoso la m'chithunzi litsike ndi theka, nthawi iyenera kuwirikiza kanayi. Ngati pa mphindi 5 simukuona kanthu, pa mphindi 6 simudzaonanso; ganizani za mphindi 20, kapena sendezani kamera kutsogolo.

Musaigwedeze. Ikasuntha ngakhale pang'ono, yambiraninso. Njira yosavuta yodziwira ngati banga ndi lenileni ndiyo kufufuta zonse n'kujambulanso pamalo omwewo. Likabwerera pamene linali, ndi gwero. Likatulukira pena, linali phokoso. Pa kamera ya chophimba cha mabowo, ngati ili ndi njira yotembenuza chophimbacho kuti mabowo asinthane ndi malo otseka, igwiritseni ntchito: zithunzi ziwirizo zikachotserana, cheza chosadutsa m'mabowo chimafufutika.

Mmene chithunzi chimanamizira

Apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo, chifukwa zolakwa zambiri zimachitika chithunzi chitatuluka kale, anthu atasangalala.

Mtundu wofiira sutanthauza ngozi. Umangotanthauza malo amphamvu kuposa ena onse m'chithunzi chimenecho. Pulogalamu imagawa mitundu potengera chachikulu chimene yapeza, choncho khoma la konkire lopanda vuto likhoza kufiira m'chipinda choyera, ndipo gwero lakupha likhoza kuoneka ndi kufiira komweko. Za kuopsa funsani mita.

Chifukwa chomwecho, gwero lalikulu limabisa laling'ono. Pakakhala awiri, lina loposa linzake kakhumi, lachiwirilo silingaoneke konse. Musanene kuti gwero ndi limodzi mpaka loyambalo litachotsedwa kapena kutchingidwa ndipo mwajambulanso.

Kukula kwa banga si kukula kwa gwero. Kamera yosiyanitsa madigiri 20 idzajambula kachitsulo konga mbewu ngati banga la mamita atatu ndi theka ikakhala pa mtunda wa mamita 10. Ya madigiri 5 idzapereka banga losakwana mita imodzi. Chapakati pa banga ndiye pofunika, ndipo banga lotalika mbali imodzi likhoza kukhala magwero awiri oyandikana.

Kamera ilinso ndi maso awiri osakhala pamodzi: diso la zithunzi wamba ndi chomvera cha gamma zimatalikirana masentimita angapo. Patali kusiyanaku sikuoneka, koma pa mita imodzi kapena iwiri banga limasuntha. Lowetsani mtunda wolondola mu pulogalamu kuti ikonze.

Ndipo kumbukirani kuti cheza chimaboola zimene kuwala sikuboola. Banga likagwera pa chitseko cha kabati, gwero likhoza kukhala m'kabatimo, m'khoma la kuseri kwake, kapena m'chipinda china. Pa kamera ya chophimba cha mabowo, gwero lamphamvu limene lili kunja pang'ono kwa mbali imene ikuona limatha kuponya banga lonama mkati mwa chithunzi. Tembenuzani kamera pang'ono: banga lenileni limamatirira pa chinthu chomwecho, lonama limasuntha mosatsatira malo kapena kuzimiririka.

Pali zimene kamera siziona n'komwe. Kupatula gamma, pali mitundu ina ya cheza: cha alpha sichifika kwa iyo, ndipo gwero la cheza cha beta chokha monga strontium-90 lilibe nsonga ya gamma yoti muisankhe. Ufa womwazika paliponse nawo umavuta, chifukwa kamera imachita bwino pa gwero lokhala malo amodzi. Ku Goiânia, m'dziko la Brazil, mu Seputembala 1987, anthu anaswa chitsulo cha makina ochizira khansa n'kugawana ufa wa caesium umene unali mkati. Anthu anayi anamwalira, anthu pafupifupi 112,000 anayezedwa, ndipo 249 anapezeka ndi ufawo pathupi kapena m'thupi. Gwero likasweka chotero, chithunzi chosaonetsa kanthu si umboni woti pansi pali poyera. Pamafunika mita yoyezera pamwamba pa zinthu ndiponso kupukuta malo n'kuyeza chopukutiracho.

Jambulani kuchokera pamalo achiwiri

Chithunzi chimodzi chimapereka mzere, kuchoka pa kamera kupita ku banga mpaka kutsogolo kosatha. Kuti mzerewo usanduke malo, nyamulani kamera muiike kumbali ina, makamaka pamene mzere watsopano udzadutsane ndi woyamba mopingasa ngati ngodya ya nyumba. Mukangosuntha masitepe awiri, mizereyo imayenda pafupifupi limodzi ndipo podutsanapo pamakhala posadziwika. Jambulani mapu a malowo pa pepala, lembani poima kamera ponse pawiri, kokani mizere. Pamene yakumana ndi pamene pali gwero. Mukapeza mpata, onjezani malo achitatu, ndipo ngati gwero lili mumulu wa zinthu, amodzi mwa malowa akhale okwera kuti mudziwenso kuya kwake. Makamera ena atsopano amachita zonsezi okha pamene mukuyenda nawo, akumanga mapu a mbali zitatu ndi laser, koma mfundo yake ndi yomweyi.

Kufunika kwa kuloza molondola kunaoneka ku Samut Prakan, m'dziko la Thailand, mu Febuluwale 2000. Gwero la cobalt-60 linagwera pakati pa zitsulo zakale pamalo ogulitsira zitsulo, ndipo cheza chinali chochuluka moti palibe akanaima pafupi n'kumafufuza. Opulumutsa anagwiritsa ntchito sikirini yowala ikagundidwa ndi cheza, usiku, ndipo anadikira mitambo iphimbe mwezi kuti kuwalako kuoneke. Anthu atatu anamwalira pa ngozi imeneyo. Wopita kukatola gwero lotere amakhala ndi masekondi owerengeka, ndipo sekondi iliyonse imene angataye akufunafuna ndi mlingo wolowa m'thupi mwake.

Kutsimikiza, kulemba ndi kupereka

Mukapeza malo, atsimikizeni ndi mita ya pa ndodo yaitali, munthu mmodzi, mwachangu, atayeserera kaye pamalo oyera. Musagwire gwero ndi manja ngakhale mutavala magolovesi. Pa sentimita imodzi cheza chimaposa cha pa mita imodzi ka 10,000. Kutola ndi ntchito ya gulu lokonzekera, lokhala ndi zopanira zazitali kapena loboti, ndi chotengera cha mtovu choyenerana ndi isotopuyo, choikidwa kale pafupi chili chotsekula.

Sungani mafayilo onse a kamera, osati zithunzi zokha, chifukwa akatswiri angafune kuwawerengeranso ndi njira ina. Pa chithunzi chilichonse lembani tsiku, nthawi, poima kamera, mtunda, utali wa nthawi yojambula, nsonga imene munasankha ndi zimene mita inawerenga pamenepo. Lembaninso mayina a onse amene anayandikira malowo inu musanafike, ndi nthawi imene anakhalapo, madokotala adzazifuna.

Gwero likalowa m'chotengera ndi kuchotsedwa pamalopo, bwezerani kamera pa chizindikiro choyamba chija, pa kutalika komweko, ndipo jambulani nthawi yoposa ya poyamba. Yerekezani spectrum ndi ija ya pamalo oyera. Nsonga ikazimiririka, pitani pa chizindikiro chachiwiri muchite chimodzimodzi. Ikatsala, ngakhale yaing'ono, chingwe chisamasulidwe: pali gwero lina limene linabisika, kapena loyamba lija linatayikira. Potuluka yezani manja, nsapato, miyendo ya choimikira ndi thumba lokutira kamera musanaziike m'galimoto, ndipo werengani dosimeter ya munthu aliyense mulembe nambala yake.